Nyanga ya nsatsi imene inakana kufota

Lero ndafuna tikambirane za mwambi umene ndakhala ndikuutchula kwa zaka zambiri, mwinanso mopyola muyeso. Akuluakulu anati: "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imfotere yekha m'manja." Tsinde la nsatsi ndi lofewa, ndiponso lili ndi mphako m'kati. Ukalisema limaoneka ngati nyanga ndithu, koma dzuwa likangoliomba limafota n'kupindika. Tanthauzo lake n'lakuti mwana akaumirira chinthu chopanda pake, usalimbane naye. Mpatse, aone yekha kupanda pake kwake, pakuti phunziro lolowera m'manja limakhalitsa kuposa lolowera m'khutu. Mwambiwu ndi woona, ndipo sindikuutsutsa. Koma m'chaka cha 2025 ine ndinasema nyanga ya nsatsi n'kukhala pansi kudikira kuti ifote, ndipo amene anatenga phunziro ndine.

Nkhani yake inayamba chonchi. Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndinagula njinga yamoto ndi gawo lina la ndalama zimene ndinalandira. Inanditumikira zaka zingapo mpaka injini yake inatheratu, ndipo amakaniko anati kuikonza kungafanane ndi kugula ina. Tinaikankhira kuseri kwa nkhokwe, kumene nkhuku zinaisandutsa chogonera. Kuyambira pamenepo ulendo uliwonse tinkadalira anyamata a kabaza. Agogo anu aakazi ali ndi matenda a shuga ndi othamanga magazi, choncho mwezi uliwonse amayenera kukaonana ndi adokotala kuchipatala chimene chili pa mtunda wa makilomita 17 kuchokera kwathu kuno ku Dowa.

Mukukumbukira m'mene mafuta anasowera kumapeto kwa chaka cha 2024, monganso zinachitikira mu 2011 ndi 2012, ndiponso mu 2022. Anthu ankagona pamizere, ndipo a kabaza amene ankagula petulo wa m'zigubu ankatchula mitengo yoti munthu wa penshoni n'kungogwira pakamwa. Mwezi wina tsiku la kuchipatala linadutsa tili pakhomo. Mankhwala anatha, ndipo patapita masiku owerengeka mayiwo anachita chizungulire n'kugwa ali kudimba. Anadzuka, tithokoze Mulungu, koma mtima wanga sunakhale m'malo.

Pakhomo pano timakhala ndi mdzukulu wathu, mwana wa mwana wanga wamkazi wachiwiri. Mnyamatayu analemba mayeso a MSCE koma sanakhoze mokwanira kuti asankhidwe kupita ku yunivesite. Ine ndinkafuna kuti abwereze Folomu 4. Iye anakana mwaulemu koma mouma khosi, n'kuyamba kuthandiza pa shopu ina yowotcherera zitsulo pamsika, madzulo akukonza mafoni ndi mawailesi a anthu. Kunena zoona, zinkandichititsa manyazi. Munthu amene ndinatumiza ana a eni ake ambirimbiri ku sekondale, wanga akubwera kunyumba manja ali bii ndi girizi!

Tsiku lina titatha kudya nsima yamadzulo, anakhala pansi pafupi ndi mpando wanga n'kunena kuti: "Agogo, ndimapempha njinga ili kuseri kwa nkhokwe ija. Ndikufuna ndiichotse injini, iziyendera magetsi. Koma mundibwerekekonso ndalama."

Ndinaseka. Ndinamufunsa ngati akufuna kuti tizikoka waya kuchokera pakhomo mpaka kuchipatala. Iye sanaseke. Anati kugalaja ina ku Lilongwe kuli galimoto yoyendera magetsi imene inachita ngozi, ndipo mwini galajayo waphwasula batire lake n'kumagulitsa zigawozigawo. Usiku umenewo agogo anu aakazi anandiuza kuti: "Bambo, si inu nomwe mumati mwana akalirira nyanga ya nsatsi tizimsemera? Msemereni." M'mawa mwake ndinamuitana n'kupangana naye: ndigulitsa mbuzi zitatu n'kuwonjezerapo za penshoni, koma njingayo ikakanika kuyenda, abwerera kusukulu popanda kuwiringula. Anavomera. Apa ndiyenera kuulula tchimo langa pamaso panu. Sindinapereke ndalamazo chifukwa chomukhulupirira. Ndinazipereka ngati mtengo wogulira kugonja kwake, ndipo mumtima ndinkafunitsitsa kuti alephere.

Tsopano ndifotokoze za zigawo zija, pakuti ine ndemwe ndinazidziwa mochedwa. Galimotoyo inali ya mtundu wa Nissan Leaf, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan ndi ku America mu Disembala 2010. Batire lake si lofanana ndi lija la asidi limene timalizira injini kapena kuonerera kanema kumudzi. Ndi la lithium, la mtundu umodzi ndi la m'foni, koma lalikulu kwambiri. Batire la ma Leaf oyambirira linkasunga mayunitsi 24 a magetsi, mayunitsi omwewa amene timagula pa mita ya m'nyumba, ndipo m'kati mwake munali zigawo 48. Anyamata amazitchula kuti ma module. Chigawo chilichonse chimaoneka ngati chitini chaphanthiphanthi, kutalika ndi kufupika kwake pafupifupi ngati kaundula wa m'kalasi, kulemera kwake pang'ono kuchepera makilogalamu 4. Chimatulutsa mavolti pafupifupi 7.5, ndipo chikadali chatsopano chimasunga theka la yuniti.

Batire lotere limakalamba. Kutentha ndi kulitchaja kawirikawiri kumalifooketsa, makamaka pa Leaf, chifukwa batire lake lilibe madzi oliziziritsa monga zilili m'galimoto zina zamagetsi. Likataya gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu zake, mwini galimoto amayamba kudandaula kuti silikumufikitsa kutali. Komatu galimoto imalemera kuposa tani imodzi ndi theka munthu asanakwere n'komwe, pamene njinga yamoto ndi kanthu kopepuka. Chimene chatopa kukoka ngolo chikhoza kunyamula mtolo wa nkhuni kwa zaka zina zambiri.

Mnyamata uja anabwera nazo khumi, atazikulunga m'makatoni. Anafuna zisanu ndi ziwiri zokha, ndipo nditamufunsa chifukwa chogulira zochuluka, anati: "Agogo, si onse olowa m'kalasi amene amakhoza." Ndinazindikira kuti akundibwezera mawu anga omwe, koma ndinangoti phee.

Kuyesa zigawozo kunali motere. Ankadzaza chimodzi mpaka mita yake yoyezera magetsi isonyeze mavolti opitirira pang'ono 8, kenako ankalumikizako mababu anayi a nyali za galimoto n'kumawerenga nthawi mpaka mphamvu itatsika kufika pa malire oyenera kulekera. Ntchitoyi inkatenga maola ambiri, ndipo iye ankayenera kupita kushopu. Tsiku lachiwiri ndinaona kuti akulemba zotsatira zake pa kachidutswa ka katoni ndi khala. Uphunzitsi ndi matenda osachiritsika. Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga kope latsopano ndi rula, n'kujambula mizere monga tinaphunzirira ku koleji ya zauphunzitsi: nambala ya chigawo, tsiku, mavolti poyamba, mavolti pomaliza, maola. Umo ndi m'mene ine, amene ndinkadikira kufota kwa nyanga, ndinakhalira mlembi wa ntchitoyo. Kwa sabata ziwiri ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango, wotchi ili m'manja, kuyang'anira mababu ngati woyang'anira mayeso.

Zisanu ndi ziwiri zinapirira maola atatu kapena kupitirirapo. Chimodzi chinatopa ola lachiwiri lisanathe. China chinali chotupa pamimba, ndipo chimenecho sanachiyese n'komwe. Chachitatu chinakhoza bwino, koma titachisiya sabata imodzi osachigwiritsa ntchito tinapeza kuti mphamvu yatsika yokha, ngati mtsuko wothonya. Ndinamuuza kuti chofooka chija achiike pakati pa zamphamvu, zinzake zizichithandiza. Anapukusa mutu. Anati zigawo zikalumikizidwa mondondozana, magetsi omwewo amadutsa m'chilichonse, choncho chofookacho ndicho chimayamba kutha, ndipo chikatha njinga yonse iyenera kuima ngakhale zinazo zikadali ndi mphamvu. Ukachikakamiza chimawonongeka, mwinanso kuyaka moto. Ndinakumbukira maulendo apansi a masiku aja, pamene tinkati liwiro la ulendo amaliyesa ndi mwendo wa wotsalira m'mbuyo.

Masamu ake ndinawachita ndine, ndipo ndinanyadira pang'ono. Zigawo 7 kuchulukitsa ndi mavolti 7.5 zimapereka 52.5, zimene zimagwirizana ndi mota yolembedwa kuti 48. Zikanakhala zatsopano zikanasunga mayunitsi atatu ndi theka. Malinga ndi kope langa, zathuzo zinali ndi mayunitsi pafupifupi awiri ndi theka.

Koma musaganize kuti zonse zinayenda myaa. Madzulo ena akumanga mabawuti, sipanala inaterereka n'kugunda mitu iwiri ya batire nthawi imodzi. Kunamveka kuti phaa, kuwala kwake ngati mphezi. Mlomo wa sipanala unasungunuka, ndipo chala chake chinapsa mpaka kutuluka thuza lalikulu. Agogo anu aakazi anatuluka m'khitchini akulira, n'kulamula kuti zinthuzo zichoke pakhomo tsiku lomwelo. Ine ndinaganiza kuti nthawi ija yakwana, nyanga yafota. Ndinali nditakonzeratu mawu oti ndinene. Koma nditaona mnyamatayo atakhala chete, chala chili m'kapu ya madzi, maso ali pa sipanala, mawuwo anakana kutuluka. Chimene ndinanena n'chakuti: "Safunsa anadya phula. Mawa tipite kwa akulu aja."

Akulu amenewa ndi mnzanga wakale amene anagwira ntchito ya zamagetsi kwa zaka zambiri m'mafakitale a ku Kanengo, ndipo anapuma monga ine. Anabwera, n'kuyang'ana zonse, n'kumukalipira mnyamatayo monga ayenera kuchitira munthu wamkulu. Anati batire lathunthu la galimoto yotere limakhala ndi mavolti oposa 350, okwanira kupha munthu pomwepo, kotero asadzayerekeze kulitsegula yekha. Anati ngakhale chigawo chimodzi, chimene sichingakugwire ukachikhudza ndi dzanja, chikhoza kusungunula chitsulo mitu yake ikakumana. Analamula kuti masipanala onse akulungidwe ndi tepi, mitu ya batire izikhala yophimba, ndipo wogwira ntchito avule wotchi ndi mphete. Analamulanso kuti zigawozo zipanikizidwe pamodzi pakati pa zitsulo ziwiri zaphanthiphanthi ndi mabawuti aatali, chifukwa zikasiyidwa momasuka zimatupa. Pa waya wamkulu payenera kukhala fyuzi pafupi ndi batire, ndiponso switchi yodulira magetsi onse. Chofunika koposa ndi kachipangizo kotchedwa BMS, kamene kamayang'anira gawo lililonse la batire, n'kudula magetsi lina likadzaza mopitirira kapena likatsika kwambiri. Ife tinakatcha kapitawo. Pomaliza anati moto wa lithium ndi wovuta kuuzimitsa ndipo utsi wake ndi wapoizoni, choncho njingayo izitchajidwa masana, pali munthu, kutali ndi denga la udzu. Tinamanga kashedi ka njerwa ndi malata kumapeto kwa bwalo, ndipo mayi a pakhomo anavomera monyinyirika.

Mota inavuta kupeza. Anasankha ya mtundu wokhala m'kati mwa gudumu lakumbuyo, imene siifuna tcheni kapena magiya, ndipo anaiitanitsa pamodzi ndi controller, kabokosi kamene kamagawira mota magetsi molingana ndi m'mene wokwera wapotokolera chogwirira. Wamalonda amene amaitanitsa katundu ku China anatenga miyezi iwiri. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimaluma, ndipo mbuzi yachinayi inapita. Zotsalazo zinali za pamalo pompano. Pamene panali injini anawotchererapo bokosi lachitsulo, m'kati anayalamo zidutswa za machubu kuti batire lisamagwedezeke m'mabampu. Thanki ya petulo anaisiya pamalo pake, koma anaiboola kunsi n'kubisamo controller ndi mawaya.

Tsiku loyesa, anthu anadzaza pabwalo osaitanidwa. Anakwera, n'kutembenuza kiyi, ndipo sikunamveke kanthu. Ena anayamba kuseka. Ndiye anapotokola chogwirira, njinga ija n'kunyamuka mwakachetechete ngati mthunzi, kuzungulira nkhokwe, kutulukira kumsewu. Ana anaithamangira akukuwa. Mayi wina wachikulire anafunsa ngati mnyamatayu sanapite kwa sing'anga, pakuti chinthu choyenda popanda phokoso ndi utsi iwo ankachidziwa m'nkhani za lichero louluka usiku. Sindinawadzudzule. Pajatu William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, pamene ankamanga makina ake opukusa magetsi ndi mphepo mu 2002, pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, njinga yakutha ndi zitsulo zotola, anthu ankamunena kuti wachita misala. Iyenso anali atasiya sukulu, chifukwa cha njala ndi kusowa kwa fizi. Buku la moyo wake, The Boy Who Harnessed the Wind, linatuluka mu 2009, ndipo mu 2019 linasanduka filimu. Ine ndinaliwerenga n'kumuyamikira mnyamata wa eni akeyo, osadziwa kuti wanga akadzayamba zofananazo ndidzakhala m'gulu la oseka.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinakumbukira mwana wina wa Sitandade 6 pa sukulu imene ndinkaiyang'anira m'zaka za m'ma 1980. Anali wosakhoza m'kalasi, koma anapanga galimoto yamawaya yokhala ndi chiwongolero chokhotetsa magudumu, ndiponso nyali ziwiri zoyaka ndi mababu a tochi ndi mabatire otayidwa. Anabwera nayo kusukulu, anzake n'kumuunjirira mpaka kuchedwa kulowa m'kalasi. Ndinamulanda, ndinamukwapula pamaso pa onse, ndipo galimotoyo ndinaiponda ndi nsapato. Teremu yotsatira sanabwererenso. Nthawi imeneyo ndinkati ndikuwongola mtengo ukadali waung'ono. Lero ndikuona kuti ndinathyola mphukira. Ngati ali moyo ndi bambo wa zaka zoposa makumi asanu, ndipo mawu awa akamupeza adziwe kuti aphunzitsi ake aja anazindikira kulakwa kwawo.

Chodabwitsa n'chakuti zimene anachita mdzukulu wangayu si zachilendo pa mtundu wathu. Makolo athu ankasungunula chitsulo m'ng'anjo, ndipo khasu likatha silinkatayidwa, wosula ankalisandutsa mpeni kapena kansompho. Ife tinakula tikuwerengera koloboyi wopangidwa ndi chitini chotayidwa. Tayala lakutha linkasanduka nsapato, chubu chinkasanduka malegeni, mgolo wobooka unkasanduka mbaula. Funso la makolo pa chinthu chakutha linali lakuti, "Kodi chatsala ndi ntchito yanji?" Ife ophunzira ndi amene tinayamba kuona ngati nzeru zimakhala m'buku mokha, ndipo ntchito ya manja ndi ya olephera.

Sindikufuna kukunamizani kuti njingayi ndi yopanda chilema. Ikadzaza imayenda makilomita pafupifupi 50 pa msewu wabwino, munthu ali mmodzi, osathamanga. Pokwera zitunda za kuno ku Dowa atanyamula munthu, mtundawo umachepa. Kuidzaza kumatenga maola asanu, ndipo magetsi akazima nayonso imagona. M'dzinja amaopa kuolokera nayo pamadzi. Kusachita phokoso kwake kulinso ndi vuto lake, pakuti ana, mbuzi ndi okalamba saimva ikamabwera, mwakuti hutala amaliza pafupipafupi. Ndinaumiriranso kuti chipewa chodzitetezera chisamachoke kumutu ndiponso kuti za malamulo a pamsewu zitsatidwe monga zikhalira ndi njinga yamoto ina iliyonse. Batirelo likupitirira kukalamba, ndipo tsiku lina lidzatheratu. Zigawo zitatu zolephera zija sitinazitaye kudzala kapena m'chimbudzi, ndipo sitinazitenthe. Anazibweza kugalaja kumene anazigula. Inu adzukulu amene mwayamba kale kuyang'ana njinga zakutha za makolo anu, musayambe nokha. Mutu umodzi susenza denga. Ntchito iyi inafuna manja a mnyamata, maso a mmisiri wodziwa zamagetsi, ndiponso kope la mphunzitsi wokalamba.

Koma ulendo wa kuchipatala, kupita ndi kubwera, ndi makilomita 34, ndipo umenewo imaukwanitsa ndi mayunitsi osakwana atatu. Chiyambireni, tsiku la adokotala silinadutsenso tili pakhomo. Mwa mwambo wathu agogo aakazi amamutchula mdzukulu wamwamuna kuti mwamuna wawo, ndipo mayi aja amene ankafuna kuti zinthuzo zichoke pakhomo tsopano amati akamanga mpango m'mawa amaitana kuti: "Amuna anga, tulutsani galimoto yathu tizipita, awa okalambawa atsale azilondera nkhuku."

Za pangano lathu lija, ndinamuitana n'kumuuza kuti wapambana, za Folomu 4 sindidzazitchulanso. Anakhala chete kanthawi, kenako anati: "Agogo, zimene ananena akulu aja theka lake sindinkazidziwa. Ndikufuna ndikaphunzire zamagetsi ku sukulu ya ntchito zamanja, ndikhale ndi pepala." Sukulu imene ndinalephera kumukankhiramo ndi mawu kwa zaka ziwiri, anaipempha yekha chala chitapsa. Apa ndiye mwambi uja unabwerera kwa ine mwa njira ina. Phunziro linalowadi kudzera m'manja, monga ananenera makolo. Chimene ndinalakwa ine ndi kuganiza kuti ndikudziwiratu chimene chili nsatsi ndi chimene chili nyanga yeniyeni. Wamkulu akhoza kusema, koma asamaweruze dzuwa lisanaombe.

Kope lija likadali ndi ine. Loweruka lililonse m'mawa mnyamatayo amayeza magawo onse a batire, ine n'kumalemba, kuti tidzaone msanga lina likayamba kutsalira. Nthawi zina ndikamalemba ndimaziyang'ana zigawozo n'kumwetulira. Zinapuma pa ntchito yake yoyamba kalekale, monga ine ndi mnzanga wa ku Kanengo uja, koma sabata ino zanyamula matumba awiri a chimanga kupita kuchigayo.

Tsalani bwino adzukulu anga. Mukabwera patchuthi mudzakwera, koma mmodzimmodzi, ndiponso mutavala chipewa.